Bambo wa Lachiwiri

"Ndiye ndikawauze chiyani akulu a mpingo? Ndikanene kuti mwanayu ndinachita kutola pamsewu wa ku Dwangwa?"

Mavis anafunsa ataima pakhomo, manja ali m'chiuno, khanda lake Mthokozi likumukoka mpango kumsana. Mwamuna wake, Wyson Nthanda, anali pansi pa mtengo wa mango, njinga ataigadamitsa, akuthira oyilo tcheni chimene sichinkalira n'komwe. Linali Lachiwiri, tsiku lake la ofu ku loji kumene ankagwira ntchito yophika, ndipo munthu wopuma Lachiwiri amasowa chochita mpaka kumakonza zinthu zosawonongeka.

"Mayi a Olive, tatsitsani mawu. Anthu akumva."

"Amve! Zimene amanena ndikangotembenuka n'zoposa izi. Abusa akubwera kudzabatiza ana Lamulungu lomaliza la mwezi uno. A Longwe anenetsa kuti bambo wa mwana akapanda kuima kutsogolo, dzina la Mthokozi salitchula. Ulendo woyamba munati kuli azungu, ndinakhala chete. Ulendo wina uja munati kuli msonkhano wa mabwana, ndinameza mate. Ana obadwa pambuyo pake anabatizidwa kalekale, uyu wamera mano. Mukufuna adzapite yekha kutsogoloko akuyenda? Zengerezu analinda kwawukwawu, bambo a Olive."

"Kodi ine ndimakana? Loweruka ndi Lamulungu ndiwo masiku amene loji imadya. Lachisanu magalimoto a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe akangoyamba kutsika, ife timaiwala kuti padziko pali mpando. Munakwatiwa nane ndili khukhi kale. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima."

"Ine ndinakwatiwa ndi munthu, osati mphenzi. Tsiku lanu lopumali mumapuma ndi ndani? Olive ali kusukulu, ine ndili kumsewu ndi zitumbuwa, anzanu onse ali kuntchito. Mumapuma ndi nkhuku. Ku ukwati ndipite ndekha, ku chinkhoswe ndekha, ku tchalitchi ndekha. Dzulo lomweli Nyamanda amandifunsa pa mjigo kuti, 'Ama, kodi muli pa mitala?' Anthu akuganiza kuti Loweruka ndi Lamulungu mumakakhala kwa mkazi wamkulu."

"Mkazi wamkuluyo ndi chitofu," Wyson anatero akuseka.

Kusekako kunali kulakwa. Mavis analowa m'nyumba, misozi ili m'mbali mwa mphuno, chitseko n'kumenyetsa.

Kunena chilungamo, Wyson sanali mwamuna woipa. Mowa sankaudziwa, dzanja lake linali lisanagwerepo pa mkazi, ndipo Mavis ankadziwa zonsezi. Mlandu wake unali umodzi: ankatha kuphika. Kampango wowotcha ndi Wyson ankachititsa anthu kuyendetsa galimoto kuchokera kutali, ndiye loji ikanamutaya bwanji pa tsiku la alendo? Koma banjali linali lochokera ku Ntcheu, ndipo kwa eni munthu amadziwika ndi kuonekera. Anzake a bawo anasiya kumuitana. A kwaya sankadziwa n'komwe kuti pafupi pawo pali besi. Kwa anthu a ku Chintheche, Wyson anali njinga yodutsa m'mamawa ndi kubwerera kutada, ndipo Mavis manyazi ankamudya ngati chiswe.

Loweruka lotsatira, a Longwe anatulukira pakhomo ndi ndodo yawo. Anali mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma, munthu wofatsa amene ankakhulupirira kuti vuto lililonse lili ndi mwambi wake.

"Ama, ndabwera kudzacheza ndi ada Nthanda."

"Ali kuntchito, abambo."

"Ngakhale lero?"

"Makamaka lero. Mukadabwera Lachiwiri mukadawapeza."

"Lachiwiri ine ndimakhala kumunda ku Limphasa." A Longwe anakhala pa mpando, chipewa n'kuika pa bondo. "Mwana wanga, usaone ngati tikukuzunza. Pobatiza mwana, makolo amalonjeza pamaso pa mpingo kuti adzamulera m'njira ya Mulungu. Tsono mpingo ungamve bwanji lonjezo la munthu amene sunamuonepo? Mutu umodzi susenza denga. Ife sitikupempha mwezi, tikupempha m'mawa umodzi. Munthu akafuna, njira imapezeka."

"Amafuna, abambo. Abwana awo ndiwo salola."

"Anapemphadi? Amuna enafe timaopa bwana kuposa mmene bwanayo amafunira kuopedwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ama."

Mawu amenewa anamulowa Mavis. A Longwe asanafike n'komwe pamsewu waukulu, iye anali atabereka Mthokozi, Olive ali kudzanja, ulendo wa ku loji.

Anali asanalowepo. Mlonda anawadutsitsa pa geti la kuseri, kumene kunali migolo ya zinyalala ndi zingwe zoyanika nsalu za pabedi. Koma pampata wa pakati pa khitchini ndi bala pankaoneka mchenga wonse. Panali mabanja. Bambo wina wamimba yake, kabudula wamaluwamaluwa, ankathamangitsa mpira ndi ana ake. Wina anali atanyamula kamtsikana paphewa akulowa nako m'madzi, mkazi wake akujambula ndi foni, akuseka mpaka kugwira m'nthiti.

Olive anayang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, ana awa abambo awo sagwira ntchito?"

"Amagwira. Lero akupuma."

"Nanga adadi?"

"Adadi ako ndiwo akuwaphikira. Khala chete."

Pawindo la khitchini anamuona Wyson, chipewa choyera chitanyowa, akutembenuza nsomba ndi dzanja ili, dzanja linalo akulozera woperekera zakudya. Sanadzutse mutu. Mavis anamva chisoni, koma chisonicho chinamuwonjezera ukali.

Manijala, a Peterson, anali munthu wa ku Zomba, wamaso ofiira ndi tulo. Anamumvetsera Mavis ataimirira, makiyi akulira m'manja.

"Mayi, nkhani yanu ndaimva, ndipo si yachilendo. Ineyo mchemwali wanga anakwatiwa Loweruka, ukwati ndinauonera pa foni. Kuno tinali ndi makhukhi awiri. Wina anasiya, eni ake loji akuti mmodzi akukwana. Ndikamupatsa Wyson Lamulungu, alendo adya mchenga?"

"Si tsiku lonse, bwana. M'mawa wokha. Mwana amuthire madzi, bambo ake abwerere."

"Lamulungu limenelo ndiye loipitsitsa. Kuli phwando la tsiku lobadwa la mwana wa bwana wina wa ku Mzuzu, ndipo eni ake loji adzakhalapo."

"Ndiye mwana wa bwana akhale ndi bambo ake komanso bambo a mwana wanga, wangayu asakhale ndi aliyense?"

A Peterson anasiya kuliza makiyi. Anayang'ana Mthokozi amene ankamwetulira ndi mano ake awiri.

"Chabwino. Akatha chakudya cha m'mawa apite. Koma dzuwa lisanafike pamutu akhale ali pa chitofu. Akachedwa, mayi, ine sindidzatha kumuteteza. Kunja kwa getiko kuli anyamata ambiri a masatifiketi ophika, akungodikira wina apunthwe."

Mavis anabwerera kunyumba akuyenda ngati wapambana mlandu. Wyson atafika, nkhope yake inali ina.

"Ndani anakutumani kwa abwana anga?"

"Mwana wanu. Ndipo alola, chimene inu munalephera miyezi yonseyi."

"Alola chiyani? Mayi a Olive, tchalitchi chanu chija chimadziwa wotchi? Khitchini imadziwa. Mpunga suuzidwa kuti dikira abusa amalize. Mapanga awiri avumbwitsa."

"Ubatizo amayambira, ulaliki pambuyo. Ndafunsa. Mukangoti 'inde' kutsogolo kuja, kwerani njinga yanu. Kapena pali china chimene mukuopa kuti anthu akakuonani nane?"

Wyson anamuyang'ana mkazi wake mwachisoni.

"Mawu amenewo musadzawabwerezenso. Ndidzabwera."

Tsiku lija linafika. Mavis anadzuka ndi nyimbo pakamwa, Mthokozi n'kumuveka zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. M'tchalitchi anakhala mbali ya azimayi, khosi likupweteka ndi kucheuka. Nyimbo yoyamba ili pakati, Wyson analowa, jekete la ukwati wawo atalivala pamwamba pa thalauza la kukhitchini, thukuta lili kamukamu. Anakhala kumbuyo, mbali ya azibambo. Mavis anamugunda Nyamanda ndi chigongono.

"Awo alowawo ndiwo amuna anga."

"Eee, ama! Kani ndi aatali chonchi?"

Koma abusa kunalibe. Anali ndi mipingo yambiri yoyang'anira, ndipo m'mawawo anayamba kukadyetsa mgonero ku mpingo wina wa kumtunda. Mlembi wa mpingo analengeza kuti abusa ali m'njira, njinga yamoto yangovuta pang'ono, ndiye podikira makwaya aimbe. Inaimba ya amayi. Inaimba ya achinyamata, n'kubwereza chifukwa anthu anaombera m'manja kwambiri. Inaimba ya ana. Palibe amene ankadandaula, pakuti Lamulungu munthu amathamangira kuti?

Kenaka mlembi anati alendo onse aimirire, mpingo uwalandire. Anaimirira mayi wina wa ku Usisya ndi anyamata awiri a sukulu. Mavis anaona dikoni akuwerama pa Wyson.

"Ada, musachite manyazi. Alendo aimirire."

Wyson anapukusa mutu, koma dikoniyo anali wakhama pa ntchito yake, anamugwira pamkono mwaulemu. Mwamuna uja anaimirira, tchalitchi chonse chikumuyang'ana.

"Ndine Wyson Nthanda," anatero ndi mawu otsika. "Ndimakhala kuseri kwa tchalitchi chino. Nyimbo zanu ndimazimva mukamaphunzira."

Anthu anaseka, ena n'kuomba m'manja, kwaya n'kuyamba kanyimbo kolandirira alendo. Olive anamukoka mayi ake chitenje n'kufunsa ngati adadi ndi mlendo. 

Mthunzi wa pawindo unkafupika. Abusa analowa potsiriza, fumbi lili m'nsapato, n'kupepesa kuti popeza nthawi yatha ayamba ndi ulaliki kuti mtima ukhale m'malo, ubatizo utsekere. Pamenepo Mavis anaona mwamuna wake akutulutsa foni m'thumba. Inkanjenjemera m'dzanja lake. Anaibweza. Inayambanso. Wyson anadzuka pang'ono pa benchi, dzanja lili pa chipewa, maso akufunafuna mbali ya azimayi mpaka anakumana ndi a mkazi wake.

Mavis anadziwa chimene maso aja ankapempha. Akadangogwedeza mutu, mwamunayo akadatuluka. Koma anaganiza za Nyamanda, za pa mjigo, za kuima yekha kachitatu dzina la mwana wake likudumphidwa. Anamukweza Mthokozi pang'ono, zoyera zake zija zikuwala, n'kumutembenuzira kwa bambo ake.

Wyson anakhala pansi. Anazimitsa foni.

Ulaliki unali wabwino, anthu anatero pambuyo pake. Mavis sanamve liwu ndi limodzi lomwe. Koma pamene mlembi anaitana kuti, "Mthokozi Nthanda," iye n'kuima kutsogolo phewa lake likukhudza jekete la mwamuna wake, mtima wake unadzaza mpaka kusefukira. Abusa anafunsa ngati akulonjeza kulera mwanayo m'chikhristu ndi kupemphera naye limodzi, ndipo "inde" wa Wyson anamveka mpaka kukhomo. Madzi atamugwera pamphumi, Mthokozi analira mokweza, amayi n'kululutira. Mavis anali asanakondwepo chotero chibwerere ku Chintheche.

Pemphero lomaliza lisanathe, njinga ya Wyson inali italowa kale msewu. Dzuwa linali litapendeka.

Kunyumba kunadzaza. Mavis anali ataphika mpunga wa ku Limphasa ndi nkhuku ziwiri, ndipo azimayi a mpingo anabwera ndi mawu okoma. Nyamanda ndiye ankatsogolera kuyamikira, akuti mwamuna wotere ngofunika kumubisadi. Anthu ali pakati pa kudya, belu la njinga linalira. Anali Wyson, kachikwama kali pa kaliyala.

"Akupatsani masana onse?" Mavis anafunsa mokondwa.

"Alendo adye kaye," anayankha.

Ndipo tsiku limenelo anthu anamuona Wyson amene Mavis yekha ankamudziwa. Anavula jekete, n'kuwotcha usipa mwa njira yake mpaka azimayi kupempha kuti awaphunzitse. Anamunyamula Olive paphewa kuzungulira naye mtengo wa mango, mwanayo akukuwa ndi chimwemwe. Amayi atayambitsa nyimbo, iye anaikira besi, onse n'kutembenuka kudabwa. Mavis ankangoyang'ana, mumtima akuti, si izi ndinkanena?

Alendo atabalalika, kusanade, Mavis anapita kukatsitsa kachikwama kaja pa njinga. Munali mipeni iwiri ya Wyson, imene ankaisunga kuntchito nthawi zonse, ndi nsapato zake za kukhitchini. 

"Bambo a Olive, izi zabwereranji?"

Wyson anali atakhala pakhonde, Mthokozi akugona pachifuwa pake.

"Ndinapeza alendo akudya mabisiketi. Woperekera zakudya anayesa kuphika, mpunga n'kupserera, nsomba zosapsa m'kati. Bwana wa phwando uja anakalipa pamaso pa eni ake loji. A Peterson anayesa kundilankhulira, anauzidwa kuti asankhe, ine kapena iwo. Sindikuwada. Nawonso ali ndi ana."

"Ndipita ndikagwade. Ndine ndinalakwa, ndikawauza."

"Mukapeza wina wavala kale chipewa changa. Anamuitana ine ndisanatuluke pa geti."

"Bwanji simunatuluke m'tchalitchi muja? Bwanji munandimvera?"

"Simunandimange miyendo, mayi a Olive. Ndinamuona mwanayu, ndinakhala ndekha. Kundiimiritsa ngati mlendo kuja kunandipweteka kuposa mmene mukuganizira. Ndinati, ndikatuluka pano, mwana wanga adzakula akundiimbira nyimbo ya alendo." Anamusisita Mthokozi pamsana. "Walira mvula walira matope. Tonse tinailira mvulayi."

Sabata imeneyo Wyson anayenda malo onse ogona alendo, kuyambira ku Kande mpaka ku Nkhata Bay. Kulikonse ankamudziwa, kulikonse ankayamikira dzanja lake, ndipo kulikonse funso linali limodzi: kodi si iwe unathawa phwando Lamulungu? Mbiri imayenda m'mbali mwa nyanja kuposa minibasi. Loweruka anakhala pakhomo, akuthandiza mkazi wake kukazinga zitumbuwa, ndipo kwa nthawi yoyamba banja lonse linadya chakudya cha masana pa mphasa imodzi. Olive yekha ndiye ankalankhula.

Lamulungu anapita ku tchalitchi onse anayi, Wyson kutsogolo ndi Olive, Mavis pambuyo ndi khanda. Pakhomo panali a Longwe. Atamuona Wyson nkhope yawo inawala, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri.

"Yewo, ada, yewo! Kawiri motsatizana! Ndinanena ine kuti munthu akafuna, njira imapezeka. Abwana anu Mulungu wawafewetsa mtima. Tsopano kwaya ikufuna besi, musakane."

"Zikomo, abambo," Wyson anatero, akumwetulira mwaulemu, n'kufuna kupitirira.

Mavis, yemwe moyo wake wonse ankaopa pakamwa pa anthu, anapezeka akulankhula anthu ali pomwepo.

"Abambo, musathokoze msanga. Palibe mtima umene wafewa. Ntchito inatha Lamulungu lomwe lija, ife tikuimba muno. Tinamukoka munthuyu, inu mkono uwu, ine mkono uwo, a ku loji miyendo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti kodi mwana sangabatizidwe tsiku limene bambo ake amapuma. Mwamuona lero, mudzamuonanso sabata yamawa ndi inayo. Koma mukadzamva kuti kuseri kuno ana agona ndi njala, mudzabwere ndi ndodo yanu ija, monga munabwerera nkhani ya ubatizo."

A Longwe anatsegula pakamwa. Kwa nthawi yoyamba, mwambi sunabwere. Anangokhala chigwirire dzanja la Wyson, mpaka mwini wakeyo anachita kulisolola pang'onopang'ono.

Belu linalira, anthu n'kulowa. Mavis anakhala pamalo pake, mbali ya azimayi. Nyimbo itayamba, besi lija linamveka kuchokera mbali ya azibambo, lokoma, lodzaza tchalitchi chonse, azimayi n'kumagundana kuti amve. Mwamuna wake anali pomwepo, pamalo pamene anakhala akumufuna zaka zonsezi, ndipo Mavis analephera kumuyang'ana. Anaphimba nkhope ndi chitenje n'kulira.